Kompyuta yakale ikhale seva ya kunyumba: mafunso ndi mayankho

M'nyumba zambiri muli kompyuta imene inaikidwa pakona n'kuiwalika. Sinafe ayi, inangoyamba kuchedwa, mwiniwake n'kugula ina. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimamva kawirikawiri kwa anthu ofuna kuidzutsa kuti igwirenso ntchito. Pena ndayankha mawu awiri atatu, pena ndakhalitsa, makamaka pa nkhani ya kasungidwe ka mafayilo, poti ndi pamene anthu amagwetsa misozi.

Kodi seva n'chiyani kwenikweni?

Ndi kompyuta imene imakhala yoyaka n'kumadikira kuti zipangizo zina ziipemphe kanthu: fayilo, kanema, tsamba, kapena malo osungapo zithunzi. Dzinali limanena za ntchito imene makinawo akugwira, osati maonekedwe ake. Makina akuluakulu aphokoso amene amakhala m'zipinda zozizira za makampani ndi maseva, koma laputopu yosweka sikirini imene ikugawira mafayilo kwa anthu anayi a m'nyumba imodzi ndi sevanso. Ikangokonzedwa, sifunanso sikirini, kiyibodi kapena mausi. Mumailamula muli pa kompyuta ina kudzera pa SSH, njira yotetezeka yolembera malamulo ku kompyuta ina, kapena pa tsamba lake la mu browser.

Nanga ine ndingaigwiritse ntchito yanji?

Funso ili muliyankhe musanapukute n'komwe fumbi pa kompyutayo, chifukwa zina zonse zimatsatira yankho lake.

Ntchito imene anthu ambiri amapindula nayo msanga ndi kusunga mafayilo a m'nyumba malo amodzi. Pulogalamu ya Samba, imene Andrew Tridgell anaitulutsa koyamba mu 1992, imachititsa kuti foda ya pa seva izioneka pa Windows, pa Mac ngakhale pa foni ngati ili momwemo. Zithunzi za m'mafoni zingathe kumapita zokha pa seva munthu akangofika pakhomo, pogwiritsa ntchito Immich, Nextcloud kapena Syncthing. Jellyfin imasanja makanema ndi nyimbo zimene muli nazo kuti muzionera pa TV kapena pa foni. Pi-hole imatsekereza zotsatsa malonda zambiri pa zipangizo zonse za pa netiweki yanu, ngakhale kuti za pa YouTube siziitheka, popeza zimachokera ku maadiresi omwewo amene kanema amachokera. Palinso Kiwix, imene ine ndimaikonda kwambiri: mumakopera Wikipedia kamodzi n'kuisunga pa seva, ndipo ana asukulu amawerenga ngakhale intaneti palibe.

Sankhani chimodzi. Ndaona anthu akuika mapulogalamu 15 sabata yoyamba, mwezi usanathe osadziwanso kuti chimene chasokoneza zinthu n'chiti. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chimodzicho chikagwira bwino ntchito kwa mwezi wathunthu, ndipo mukudziwa pamene chimasunga mafayilo ake, ndiye muwonjezere china.

Ndingadziwe bwanji ngati kompyuta yanga yakalamba kwambiri moti singathandizenso?

Choyamba, onani ngati processor yake, ubongo wa kompyutayo, ndi ya 64-bit. Ma processor a Intel Core 2 Duo, amene anayamba kutuluka mu 2006, ndi a 64-bit, ndipo pafupifupi onse otuluka pambuyo pake ndi otero, kupatula ma Atom ena oyambirira a m'timalaputopu ting'onoting'ono. Izi n'zofunika chifukwa Ubuntu, mtundu wina wa Linux (system yaulere imene imalowa m'malo mwa Windows), inasiya kale kupanga ya makompyuta a 32-bit, ndipo Debian 13, Linux inanso, imene inatuluka mu Ogasiti 2025, nayonso ilibe choikira pa makina otere.

Chachiwiri ndi RAM, memori imene kompyuta imagwiriramo ntchito ikayaka. Seva yongogawa mafayilo, yopanda zojambula za pa sikirini, imayenda ndi 2 GB. Ndi 4 GB mumapuma bwino, ndipo 8 GB imakwanira mapulogalamu angapo nthawi imodzi. Kenako suzumirani kumbuyo: kodi polowetsa chingwe cha netiweki ndi pa gigabit, pa liwiro la 1,000 Mbps? Kodi pali USB 3.0, imene kawirikawiri imakhala ya buluu m'kati? Ngati cholinga chanu ndi makanema, ma processor a Intel kuyambira 2011 ambiri ali ndi Quick Sync, kagawo kamene kamasintha kanema kuti agwirizane ndi chipangizo choonerapo popanda kulemetsa kompyuta yonse, koma akalewo sadziwa mitundu yatsopano ya makanema.

Pentium 4 ndiye ayi. Imayaka, inde, koma imatentha, imadya magetsi ambiri, ndipo ntchito imene imagwira ndi yochepa poyerekeza ndi kudya kwake.

Windows 10 inasiya kuthandizidwa. Kodi laputopu yanga ndiitaye?

Musaitaye. Microsoft inasiya kupereka ma update wamba a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo inapereka njira yoti anthu alembetse n'kulandirabe a chitetezo okha mpaka Okutobala 2026. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo), RAM ya 4 GB, malo a 64 GB, ndi processor yatsopanoko: kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8, kwa AMD kuyambira Ryzen 2000. Chotero makompyuta ambiri amphamvu ndithu anatsala panja chifukwa cha malamulo amenewa, osati chifukwa cha kufooka.

Choopsa n'kupitiriza kulowa pa banki ndi pa imelo ndi Windows imene sikulandiranso zigamba za chitetezo. Ngati laputopuyo mukuifunabe pa ntchito za tsiku ndi tsiku, Linux Mint ndi yosavuta kwa munthu wozolowera Windows, ndipo mtundu wake wa Xfce ndi wopepuka. ChromeOS Flex ya Google, ya mu 2022, imathandiza ngati zonse mumachitira mu browser, koma simuikika mapulogalamu a Android. Musanasinthe, lembani mapulogalamu amene simungachite popanda iwo n'kufufuza ngati alipo pa Linux. Microsoft Office ndi Photoshop za pa kompyuta palibe. Mungathenso kuyesa Linux kuchokera pa fulashi musanafufute kalikonse, n'kuona ngati Wi-Fi, mawu ndi printer zikugwira.

Kodi kompyuta yoyaka usana ndi usiku sindimaliza nayo magetsi?

Apa ndi pamene mawu akuti "ndinaipeza yaulere" amafunika kuwaunika bwino. Chaka chili ndi maola 8,760. Ndiye kuti wati imodzi yoyaka chaka chonse imadya mayunitsi 8.76. Ngati desktop yanu yakale imakoka mawati 60 ili chikhalire, pa chaka yadya mayunitsi pafupifupi 526. Laputopu kapena kakompyuta kakang'ono kokoka mawati 10 kadya pafupifupi 88. Chulukitsani kusiyanako ndi mtengo wa yunitsi imodzi kwanuko, kenako ndi zaka zitatu, ndipo mudzaona nokha ngati kusunga desktop yakaleyo kukukupulumutsirani ndalama kapena kukukudyerani.

Nambala yolembedwa pa power supply, kaya 300 W kaya 500 W, isakusokonezeni. Imeneyo ndi mphamvu yaikulu imene ingathe kupereka, osati imene kompyuta ikukoka nthawi zonse. Chodalirika ndi kachipangizo koyezera kamene kamalowa pa soketi, kompyuta n'kulowa pa iko. Yezani ikakhala phee, chifukwa seva ya kunyumba imakhala yopanda chochita maola ambiri a tsiku.

Pali zochepetsera. Chotsani graphics card ngati processor ili ndi yake yam'kati. Chotsani DVD drive ndi madisiki amene simukuwagwiritsa ntchito, popeza disiki iliyonse yozungulira imawonjezera mawati angapo. Komanso palibe lamulo loti seva iziyaka nthawi zonse. Ngati ntchito yake ndi kulandira backup, kope losunga la mafayilo, kamodzi pa tsiku, izigona n'kumadzutsidwa ndi Wake-on-LAN, uthenga wodzera pa netiweki, pa nthawi yake.

Chabwino n'chiti: laputopu, desktop, kakompyuta kakang'ono kapena Raspberry Pi?

Chimene muli nacho kale ndiye chabwino poyambira. Mukaphunzira pa icho, mudzadziwa chimene chikukuperewerani.

Laputopu imadya magetsi ochepa, ili ndi sikirini ndi kiyibodi yake zokuthandizani zinthu zikasokonekera, ndipo batire lake limaigwiririza magetsi akathima pang'ono. Vuto lake ndi malo: mumalowa disiki imodzi, mwina ziwiri. Desktop imalandira madisiki ambiri, imazizira bwino, zipangizo zake zimasinthika mosavuta, koma ndi yadyera pa magetsi ndipo ena phokoso lake limawasowetsa tulo. Timakompyuta ting'onoting'ono ta m'maofesi, monga Lenovo ThinkCentre Tiny, Dell OptiPlex Micro ndi HP EliteDesk Mini, tili pakati: mphamvu zokwanira, magetsi ochepa, phokoso lochepa. Makampani akamasintha makina awo timapezeka tambiri togwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kwa munthu amene akugula, ine ndimaloza kumeneko.

Raspberry Pi, kakompyuta ka pa kabolodi kamodzi, inayamba mu 2012. Pi 4 ya mu 2019 ndi imene inabwera ndi USB 3.0 ndi gigabit yeniyeni, ndipo Pi 5 inatsatira mu 2023. Pa Pi-hole ndi ntchito zina zopepuka ndi yabwino kwambiri. Kumbukirani chabe kuti mtengo umene mumaona ndi wa kabolodi kokha. Chaja yoyenera, kabokosi ndi posungira zinthu n'zogula padera. Ndipo memori khadi ya microSD imatha msanga ikamalembedwa kosalekeza, choncho ndi bwino kuika SSD (disiki yopanda zozungulira) ya pa USB.

Ndikatseka laputopu imagona. Nanga batire silingawonongeke pokhala pa chaja nthawi zonse?

Za kugonazo n'zosavuta. Pa Debian kapena Ubuntu, tsegulani fayilo ya /etc/systemd/logind.conf, ikani mzere wa HandleLidSwitch=ignore, n'kuyatsanso kompyutayo. Onetsetsani chabe kuti mpweya ukudutsa, chifukwa malaputopu ena amatentha kwambiri akatsekedwa.

Za batire ndiye musazitenge mopepuka. Batire la lithium lokalamba, lokhala lodzadza ndiponso pamalo otentha miyezi yambiri, limatha kutupa. Zizindikiro zake: touchpad kutukuka, laputopu kusakhazikika patebulo, kapena m'mbali kuyamba kutseguka. Mukaona zimenezi, zimitsani, chotsani pa magetsi, ndipo batirelo lichotsedwe mosamala, osaliboola kapena kulipinda, chifukwa limatha kuyaka moto. Malaputopu ena amalola kuti muike malire a kutchaja, monga pa 60 kapena 80 peresenti, ndipo ngati yanu imalola, chitani zimenezo. Ambiri amayendanso bwino batire litachotsedwa. Ine ndimaiyang'ana yanga kamodzi pamwezi, n'kusisita ndi dzanja pansi pake.

Ndili ndi ndalama zokwanira chinthu chimodzi. Ndigule RAM kapena SSD?

SSD, pokhapokha ngati RAM yanu ndi yochepera 4 GB. Hard disk ili ndi mbale zozungulira ndi kamkono kamene kamayenda kufunafuna pamene pali fayilo. Kompyuta ikamayaka imawerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndipo kamkonoko kamachedwa n'kuyendayenda. SSD ilibe chilichonse choyenda. Ya SATA imafika pa 550 MB pa sekondi, koma chimene mumamva kwenikweni ndi kufulumira kwake pa timafayilo ting'onoting'onoto. Laputopu ya zaka khumi imakhala ngati yabadwanso.

Pa seva, ikani system pa SSD yaing'ono, mafayilo akuluakulu akhale pa hard disk. Mukamagula RAM, dziwani mtundu wake kaye. DDR3 ndi DDR4 sizilowana, kampata kake kali posiyana, ndipo ya laputopu ndi yaifupi kuposa ya desktop. Malaputopu ena RAM yake inamatidwa pa bolodi, siichoka. Mukatsegula, chotsaninso fumbi pa fani, ndipo ngati ikutenthabe, sinthani thermal paste ya pa processor, imene imauma ndi zaka.

Ndiikemo system yanji?

Ngati mukufuna kuphunzira, ikani Debian kapena Ubuntu Server. Debian inayambitsidwa ndi Ian Murdock mu 1993 ndipo imadziwika ndi kusasinthasintha, zimene ndi zabwino pa makina amene simufuna kumawagwiragwira. Ubuntu, ya mu 2004, imatulutsa mtundu wa LTS, wothandizidwa nthawi yaitali, mwezi wa Epulo zaka ziwiri zilizonse, ndipo umalandira ma update a chitetezo kwa zaka 5. Tengani wa LTS. Ubwino wa ziwirizi ndi woti vuto lililonse limene mungakumane nalo, wina anakumana nalo kale n'kulemba yankho.

Ngati simukufuna kulemba malamulo pa sikirini yakuda, OpenMediaVault, yomangidwa pa Debian, imakupatsani tsamba lodinadina pokonza madisiki ndi mafoda, ndipo imayenda pa makina ofooka. TrueNAS imagwiritsa ntchito ZFS, imene imayang'anira fayilo iliyonse kuti isavunde mwakachetechete, koma imafuna RAM ya 8 GB kupita m'mwamba ndi madisiki olumikizidwa m'kati, osati a pa USB.

Kodi Windows singakhale seva? Ingathe, imagawa mafoda bwinobwino. Koma imafuna RAM yambiri, imadziyatsanso yokha ikalandira ma update, ndipo ngati ndi Windows 10 mwabwereranso ku vuto lija la chitetezo.

Ndimangomva za Docker ndi Proxmox. Kodi n'zofunika?

Tsiku loyamba ayi. Docker, ya mu 2013, imaika pulogalamu iliyonse m'kabokosi kake pamodzi ndi zonse zimene imafuna, kotero kuti Jellyfin ndi Nextcloud sizipondana. Mapulogalamu ambiri a seva ya kunyumba masiku ano amagawidwa motero, choncho mudzaiphunzira ndithu. Chachikulu choti mugwire ndi ichi: zimene zili m'kabokosimo zimatayika mukakachotsa, kupatula zimene munaziika mu volume kapena mu foda ya kunja. Dziwani pamene pali mafodawo, chifukwa ndi amene muyenera kuwasunga.

Proxmox imagawa kompyuta imodzi kukhala makompyuta angapo ongoyerekezera, iliyonse ndi system yake. Imafuna kuti VT-x kapena AMD-V, mbali ya processor yothandiza pa ntchitoyi, ikhale yotsegula mu BIOS (posankhira zoyambira za kompyuta ikamangoyaka), ndiponso RAM yochuluka. Ngati muli ndi 4 GB, isiyeni kaye.

Kodi hard disk yakale ndingaikhulupirire?

Ifunseni yokha. Madisiki ali ndi kaundula wa thanzi lawo wotchedwa SMART, amene mumawerenga ndi smartctl pa Linux kapena CrystalDiskInfo pa Windows. Yang'anani maola amene yagwira ntchito, kenako mizere iwiri: Reallocated Sector Count, imene imawerenga malo owonongeka amene disiki yawalambalala, ndi Current Pending Sector, malo amene ikukayikira. Manambala awiriwa ayenera kukhala 0. Akakhala kuti akukwera sabata ndi sabata, disikiyo ikutsanzika. Ikayamba kulira kuti tik tik tik, koperani zofunika nthawi yomweyo, osadikira mawa.

Koma SMART ikanena kuti zonse zili bwino, sikuti yalonjeza. Madisiki ena amafa mwadzidzidzi popanda chenjezo lililonse, atsopano omwe.

Ngati mukugula yatsopano ya seva, fufuzani ngati ndi ya CMR kapena SMR. Ya SMR imalemba mizere yosanjikizana ngati matailosi a padenga kuti mulowe zambiri, ndipo ikapatsidwa zolemba zambiri nthawi imodzi imachedwa kwambiri. Posungira zinthu zongowerenga ilibe vuto, koma pa RAID (kulumikiza madisiki angapo kuti azigwira ngati imodzi) kapena ZFS tengani ya CMR, imene siisanjikiza mizere.

Ndikaika madisiki awiri pa RAID, ndiye kuti mafayilo anga ndi otetezeka?

Ayi, ndipo pa mafunso onsewa ili ndi limene ndikupempha kuti muwerenge kawiri.

RAID 1 imalemba chinthu chimodzi pa madisiki awiri nthawi yomweyo. Imodzi ikafa, seva imapitiriza ndi inayo. Ntchito yake yathera pamenepo. Mukafufuta foda molakwitsa, yafufutika pa onse awiri pa sekondi yomweyo. Ransomware, virus yofuna dipo, ikalowa n'kumanga mafayilo, amangika pa onse awiri. Mphezi, moto, madzi kapena wakuba sasankha disiki imodzi n'kusiya inzake. Kulunzanitsa mafoda ndi Syncthing kapena Nextcloud kulinso ndi msampha womwewo, popeza cholakwa cha pa foni chimafika pa seva mofulumira ngati chabwino chomwe.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Ndinasamutsa zithunzi za zaka zingapo kuchoka m'mafoni ndi m'mafulashi n'kuziika pa disiki imodzi, kenako n'kufufuta kumene zinachokera, mtima uli m'malo kuti tsopano zasungika. Disikiyo inafa m'mawa wina osachenjeza. Munali zithunzi za anthu amene sindidzawajambulanso.

Lamulo lodziwika ndi la 3-2-1: makope atatu a chilichonse chofunika, pa mitundu iwiri ya zosungira, limodzi likhale kunja kwa nyumba. Kunyumba zingakhale motere: kope loyamba pa seva, lachiwiri pa disiki ya USB imene mumalumikiza pochita backup basi n'kuichotsanso, lachitatu pa disiki imene ili kwa m'bale wanu kapena pa malo osungira a pa intaneti. Kuichotsa disiki ija n'kofunika, chifukwa imene siili yolumikizidwa siigwidwa ndi virus kapena magetsi obwera mwamphamvu.

Gwiritsani ntchito pulogalamu imene imasunga mbiri, monga restic kapena BorgBackup, kuti muthe kubweza fayilo mmene inalili mwezi watha. Ziwirizi zimabisanso zimene zasungidwa, choncho disiki ya kwa m'bale ija palibe angaiwerenge. Pasiwedi yake muilembe papepala n'kuisunga bwino, chifukwa ikatayika backup yonse yatayika nayo.

Simuyenera kusunga chilichonse katatu. Makanema amene mungawapezenso asakudyereni malo. Zithunzi za banja, zikalata, ntchito ya kusukulu kapena ya bizinesi, zimenezo ndiye zosabwezereka, ndipo kawirikawiri n'zochepa moti zimakwana pa disiki yaing'ono. Pomaliza, miyezi ingapo iliyonse yesani kubweza fayilo imodzi kuchokera mu backup n'kuitsegula. Anthu ambiri amazindikira kuti backup inasiya kugwira ntchito kalekale pa tsiku limene akuifuna.

Wi-Fi ikukwanira, kapena ndikoke chingwe?

Seva ikhale pa chingwe. Mafoni ndi malaputopu azigwiritsa ntchito Wi-Fi, koma sevayo iikeni pafupi ndi router n'kuilumikiza ndi Cat5e kapena Cat6, zimene zimanyamula gigabit mpaka mamita 100. Pa gigabit mafayilo amayenda pafupifupi 110 MB pa sekondi. Mukaona akuima pa 11 kapena 12, penapake pali cholumikizira cha 100 Mbps kapena chingwe chowonongeka. Akaima pa 30 kapena 40 ndipo disiki ndi ya kunja, mwailowetsa pa USB 2.0. Mu router, ipatseni seva adiresi yosasintha kuti musamaisake tsiku lililonse.

Ndingafike bwanji pa seva yanga ndili kutali?

Njira imene ambiri amayamba kuiganiza ndi kutsegula port, khomo lolowera la pa netiweki, pa router kuti seva ionekere pa intaneti. Musathamangire. Pa intaneti pali makina amene ntchito yawo ndi kugogoda pa adiresi iliyonse usana ndi usiku, kuyesa mapasiwedi odziwika. Sakusakani inuyo, akusaka aliyense amene wasiya chitseko. Mu 2016 virus ya Mirai inagwira makamera ndi ma router ochuluka zedi pongoyesa mapasiwedi a kufakitale amene eni ake sanasinthe. Mu Meyi 2017 ransomware ya WannaCry inafalikira kudzera pa SMB yakale ya Windows, njira yogawira mafoda imene Samba nayonso imagwiritsa ntchito, pa port 445. Mafoda a Samba asaonekere pa intaneti ngakhale tsiku limodzi.

Njira yabwino ndi VPN yanuyanu, njira yobisika yodutsa pa intaneti. WireGuard, yolembedwa ndi Jason Donenfeld, inalowa mu Linux 5.6 mu 2020. Imakumba kanjira kobisika pakati pa foni yanu ndi nyumba, ndipo kwa amene alibe kiyi siyankha n'komwe. Tailscale inamangidwa pa WireGuard yomweyo ndipo siifuna kuti mutsegule port iliyonse, koma mumadalira kampaniyo kuti izilumikizitsa zipangizo zanu.

Makampani ambiri a intaneti, makamaka a mafoni, amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Ngati adiresi ya WAN, ya mbali ya intaneti, mu router yanu ikuyamba ndi nambala ya pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikusiyana ndi imene masamba oonetsa IP akukuuzani, muli m'gulu limenelo, ndipo kutsegula port sikungagwire ntchito. Apo Tailscale ndiye yothandiza.

Zina zochita ngakhale seva isatuluke m'nyumba: lowani pa SSH ndi kiyi m'malo mwa pasiwedi, sinthani pasiwedi ya router, zimitsani UPnP, imene imalola zipangizo kudzitsegulira port zokha, ngati simukuifuna, ndipo yatsani unattended-upgrades kuti zigamba za chitetezo zizilowa zokha. Walira mvula walira matope. Mukakhala ndi seva, mlonda wake ndinu.

Kodi ndingayendetse imelo yanga pa seva imeneyi?

Sindikulangizani. Makampani ambiri a intaneti amatseka port 25, ndipo makalata ochokera ku maadiresi a m'nyumba amakanidwa kapena kuponyedwa ku spam. Seva ikazima, mumakhala osalandira uthenga wofunika. Chomwechonso ndi mapasiwedi anu onse: musawasunge pa seva yokhayo musanazolowere kuchita backup.

Magetsi akazima mwadzidzidzi, chimawonongeka n'chiyani?

Kawirikawiri fayilo imene imalembedwa pa nthawiyo. Ma file system monga ext4 ndi ZFS amadziteteza bwino ndithu, koma database ya pulogalamu kapena memori khadi ya Raspberry Pi imatha kusokonekera. UPS yaing'ono, batire logwiriziza magetsi akazima, imathandiza, ndipo cholinga chake ndi kupereka mphindi zochepa zoti seva izime mwadongosolo. Tengani yokhala ndi USB, kuti pulogalamu ya NUT izimva magetsi akapita n'kuzimitsa seva yokha. Router ikhalenso pa UPS yomweyo.

Mu BIOS muli posankha chimene kompyuta ichite magetsi akabwera, nthawi zambiri pamalembedwa Restore on AC Power Loss kapena mawu ofanana nawo. Ikani kuti iziyaka yokha. Ikamaiwala zimene mwasankha, kapena wotchi yake ikamabwerera m'mbuyo, kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa bolodi katha.

Ndagula disiki ya 1 TB koma ikuonetsa 931 GB. Andibera?

Ayi. Opanga madisiki amawerenga ndi 1,000, pamene Windows imawerenga ndi 1,024. Malo ndi omwewo. Chenjerani m'malo mwake ndi mafulashi ndi ma memori khadi achinyengo, olembedwa malo aakulu pamtengo wotsika modabwitsa. Ayeseni ndi H2testw kapena F3 musanaikemo kanthu.

Nanga foni ndi router zakale?

Foni yakale ingakhale choimbira nyimbo, wotchi, mapu a m'galimoto osafuna intaneti, kapena kamera yoyang'anira pakhomo. Ngati inasiya kulandira ma update, musaikemo mapulogalamu a banki, ndipo batire lake muziliyang'ana monga tanenera za laputopu. Router yakale ingafutukule Wi-Fi ku chipinda chakutali: zimitsani DHCP yake (imene imagawa maadiresi), ipatseni adiresi ina, n'kuilumikiza ndi chingwe ku router yaikulu. Ina imalola OpenWrt, system yaulere ya ma router, imene inayamba mu 2004 pa Linksys WRT54G, ndipo imaipatsa ma update amene opanga ake anasiya. Onani kaye ngati mtundu ndi version ya router yanu zili pa mndandanda wawo, chifukwa kuika yolakwika kumaipha.

Kompyuta yafika pothera. Ndiipereke kapena kuitaya bwanji?

Yambani ndi zimene zili m'kati mwake. Kufufuta mafayilo kapena kuchita quick format sikuchotsa kanthu, kumangochotsa dzina pa kaundula, ndipo munthu wodziwa amazibweza ndi mapulogalamu aulere. Hard disk muilembe yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto ndi shred kapena nwipe. Pa madisiki a masiku ano ulendo umodzi ukukwanira. SSD ndi yosiyana, chifukwa imasuntha zolemba m'kati mwake ndipo ili ndi malo ena amene kompyuta siwaona, choncho gwiritsani ntchito Secure Erase ya mu BIOS kapena ya pulogalamu ya opanga ake. Disiki imene yafa moti siikuwerengeka, ichotseni n'kuiboola ndi drill musanaitaye. Pa foni, tulukani mu akaunti ya Google kapena ya Apple musanachite factory reset, apo ayi woilandira sadzatha kuitsegula.

Lipoti la United Nations la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi n'zimene zinalembedwa kuti zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera. M'zinthu zimenezi muli mtovu, mercury ndi mapulasitiki amene utsi wake ndi poizoni. Musaziwotche, musazikwirire, ndipo mabatire asalowe m'bini ya zinyalala wamba. Fufuzani amene amalandira zinyalala zamagetsi kufupi ndi inu, kapena funsani okonza makompyuta, amene nthawi zambiri amafuna zipangizo zosinthira.

Power supply ndi monitor yakale ija ya chimsana musazitsegule, chifukwa zimasunga magetsi oopsa ngakhale zitachotsedwa pa soketi. RAM, chaja, mafani, zingwe za SATA ndi disiki imene SMART yake ili bwino, zimenezo zichotseni, muzilembe chizindikiro, n'kuziika m'kabokosi pamalo ouma.